Njinga ya Azamba Inasanduka Ekizibiti

Adzukulu anga akamadandaula kuti intaneti yathimitsidwa, amalankhula ngati nkhanza imeneyi yayambira pa iwo. Ine ndimangoseka. Kuchigwa cha Luangwa, kumene boma linandiponya kukaphunzitsa zaka zija zipani zambiri zitangololedwa, intaneti yathu inali bokosi limodzi lobiriwira lokhala patebulo la apolisi, lolumikizidwa ku batire ya galimoto. Tinkalitcha wailesi ya meseji. Munthu akamwalira, mapepala a mayeso akasochera, mayi akavutika pobereka, mawu onse otuluka m'dera lathu ankadutsa m'bokosi limenelo. Ndipo bokosilo linali ndi mwini wake, wovala yunifomu, amene ankatha kunena kuti batire yatha ngakhale dzuwa likuwotcha sola padenga kuyambira m'mawa.

Sukulu yathu inali ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga kuchokera ku boma la Chama. Dzina la malowo ndilisunga, chifukwa ana a anthu a m'nkhaniyi akadali moyo ndipo ali ndi mafoni. Panali sukulu, kagolosale kogulitsa mchere ndi sopo, tchalitchi cha udzu, ndi kapolisi ka zipinda ziwiri: chimodzi cha wailesi, china chosungira anthu ogwidwa ndi katundu wogwidwa, zonse pamodzi. Apolisi anali awiri. Wamkulu anali sajeni wochokera ku tauni, wamimba yabwino, amene ankaona kuti kumutumiza kuchigwa kunali kumulanga, ndipo chilangocho ankatigawirako tonse. Mnzake anali kapokola, ndiye kuti wapolisi wamba, bambo wachikulire wa komweko, wofatsa, amene luso lake lalikulu linali kusapezeka pamene zinthu zikuchitika.

Apolisi akamaliza kupereka malipoti awo m'mawa, anthu wamba tinkafola pakhonde, aliyense ndi kapepala kake. Wolankhula pa maiki ankakhala wapolisi. Iwe unkangoima pambali, kumvera mawu ako akutuluka pakamwa pa munthu wina atadulidwa miyendo. Ukalemba kuti chimanga cha chithandizo sichinafike ndipo anthu ayamba kukumba mizu, sajeni ankanena kuti kuno zonse zili bwino, tikudikira chimanga. Ukafunsa kuti mawu enawo apita kuti, ankati akusunga batire. Timapepala tambiri ndinkalemba ndine, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti zolemba za mphunzitsi zimalemekezedwa.

Ine ndiye ndinali katswiri wa ufulu wolankhula. Nyuzipepala zinkatifika zitakalamba milungu itatu, zina zitakulungapo kale tinsomba ta kapenta, koma ndinkaziwerenga mokweza pansi pa mtengo wa msikizi umene tinkautcha ofesi ya aphunzitsi. "Nthawi yoopa inatha," ndinkatero, choko chili m'manja. "Lero wapolisi ndi wantchito wathu. Akalakwa timuloza chala." Anzanga ankavomera ndi mitu, ena akusinza. Ankanditcha loya, ndipo ine ndinkayesa kuti akunditama.

Azamba athu ankakhala mudzi wina kutsidya kwa dambo, ulendo wa maola awiri kwa munthu wa miyendo yabwino. Iwo miyendo yabwino analibe. Bondo lawo lakumanzere linkatupa akayenda kwambiri. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, wokonda fodya wa m'mphuno, ndipo anthu ambiri a m'deralo anayamba kuona nkhope yawo asanaone ya mayi owabala. Atapita kukaphunzira kuchipatala cha ku boma, anabwerako ndi chikwama cha magolovesi, malezala ndi thonje, komanso njinga yakuda ya keliyala yolimba ndi belu laphokoso. Njinga m'dera lonse zinali zitatu: ya ahedi athu, ya mwini golosale imene inalibe tcheni, ndi ya azamba. Kawirikawiri wopalasa ankakhala mwamuna amene wabwera kudzawaitana, iwo atakhala pa keliyala, akumukalipira njira yonse kuti iye ndiye anayambitsa zonsezi. Belu lija likamveka, anthu ankadziwa kuti kwinakwake matenda ayamba, ndipo ankapatuka m'njira ndi makasu awo.

Tsoka linabwera ndi mkamwini wa azamba. Anabwereka njingayo kuti akagayitse chimanga, koma anagwidwa atamanga mwendo wa njati pa keliyala. Mkamwini analowa m'chipinda chachiwiri chija, nyama ndi njinga zikumutsatira. Sajeni analengeza kuti zonse ziwiri ndi ekizibiti, kutanthauza katundu wosungidwa kuti akaonetsedwe kukhoti ngati umboni. Akulu amati mlandu suola, koma nyama imaola, choncho ekizibiti yoyambayo inasamaliridwa mwamsanga. Masiku atatu kuseri kwa nyumba ya sajeni kunkatuluka utsi wonunkhira, agalu a m'deralo atachita msonkhano pa mpanda. Mkamwini anapita naye ku boma, anagamulidwa, anagwira ukaidi wake miyezi ingapo, nabwerera atanenepa. Njinga sinapite kukhoti, ndiponso sinabwerere kwa mwini wake.

Sajeni anayamba kuikwera. Poyamba ankangozungulira bwalo la polisi m'mawa. Kenako inayamba kupita kumowa, kunyumba ya mayi wina wamasiye, ndi ku Chikwa kukaonera mpira. Tsiku limene azamba anapita kukafunsa sajeni, ine ndinali pakhonde pomwepo ndi timapepala tanga.

"Mwana wane," anatero azamba, "mlandu unatha. Njinga yane ili kuti?"

"Amai, iyi njinga ni ekizibiti. Siituluka kopanda pepala ya ku khoti."

"Nanga dzulo inatuluka bwanji kupita kumowa? Inali ndi pepala?"

"Manje imwe simuziba malamulo. Ekizibiti ikankala chabe, matayala yamaola. Nili kuisamalira ine."

Kuyambira tsiku limenelo mawu aja analowa m'midzi. Wobwereka khasu osabweza ankati ndi ekizibiti. Ana a sukulu akalandana mapensulo ankati ekizibiti. Mayi wina amene mwamuna wake anapita kwa mkazi wachiwiri osabwerera ankauza anthu kuchitsime kuti bambo anagwidwa ekizibiti. Tinkaseka tonse, azamba akuyenda pansi, bondo likutupa.

Loweruka lina ndikuchokera kogula mpunga kutsidya, thumba lili paphewa, belu linalira kumbuyo kwanga. "Ba ticha, kwelani!" anatero sajeni. Ndinakwera. Loya wa pansi pa msikizi ndinakhala pa keliyala ya azamba, thumba pamiyendo, dzanja limodzi litagwira lamba wa sajeni, ndipo tinadutsa pakati penipeni pa mudzi anthu akutipatsa moni. Potsika ndinathokoza kawiri.

Chaka chimenecho mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo masiku ake ankagwera m'mwezi wa Febuluwale, mitsinje ikadzaza. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndipamene nkhani ya njinga inaleka kundiseketsa. Azamba ankabwera kudzamuona mwezi uliwonse, wapansi, n'kukhala kaye pakhonde kupumitsa mwendo asanalowe m'nyumba. Ankanditcha asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chisenga chawo. Tsiku lina atatuluka anandifunsa za wailesi ija, ngati munthu wongofuna kucheza.

"Asambizgi, munthu akalankhula m'bokosi lija, amamva ndani?"

Funso lotero kwa munthu ngati ine linali ngati kusiya chimanga pamaso pa nyani. Ndinawafotokozera zonse. Ndinati wailesi si telefoni, ilibe chinsinsi. Ukalankhula amamva aliyense amene watsegula yake, apolisi a madera onse, zipatala, mpaka mabwana a kuchigawo, makamaka eiti koloko m'mawa pamene aliyense amapereka lipoti. Ndinati pa maiki pali kabatani. Ukakadina umalankhula iwe wekha, ena onse amangomva, ndipo sangakudule mawu mpaka utanena kuti "ova" n'kuchotsa chala.

"Nanga nikapanda kuchotsa chala?"

"Ndiye kuti ngakhale bwana wamkulu akhala chete, amama."

Anakoka fodya, nayetsemula, n'kunena kuti azungu nthawi zina amaganiza bwino.

Lolemba lotsatira anandipeza ndikuimbitsa ana nyimbo ya fuko. Anati akufuna kuitanitsa magolovesi ndi thonje kuchipatala, ndiwaperekeze ngati womasulira. Zinali zololedwa, ankatumiza meseji yotero kawirikawiri. Tinapeza kapokola ali yekha, sajeni atapita kukasamalira matayala. Azamba anauza kapokola kuti mayina a zinthu za amayi si oti atuluke pakamwa pa mwamuna, awapatse maiki alankhule okha. Kapokola, amene ana ake onse anabadwira m'manja mwawo, anawapatsa, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti mbendera panja sinakwezedwe bwino.

Anadina kabatani ndi chala chachikulu. Anayamba ndi moni, monga achitira munthu pabwalo la milandu. Anapereka moni kwa achipatala, kwa apolisi onse, kwa mabwana akuluakulu ndi akazi awo. Anaitanitsa magolovesi ndi thonje, kuti pasadzapezeke wonena kuti ananama. Kenako anatsokomola.

"Sono pulikani mose," anatero, ndiye kuti tsopano imvani nonse, ndipo kuchokera apo anasakaniza Chisenga ndi Chinyanja kuti aliyense atolepo chake. "Ine ndine mzamba. Boma linandipatsa njinga kuti ndizithamangira amayi. Njinga imeneyo yatha miyezi isanu ndi iwiri m'manja mwa sajeni wa kuno. Akuti ndi ekizibiti. Ekizibiti imeneyi imamwa mowa Lachisanu, imaonera mpira Loweruka, ndipo Lamulungu imagona kwa mayi wamasiye. Nyama ya njati nayo inali ekizibiti, koma imeneyo musavutike kuifuna, inalowa malo ovuta kufikako."

Ine ndinali nditaima pakona. Ndinkawagwedezera dzanja kuti zakwana. Sanandione n'komwe. Anatchula midzi imene anafikako mochedwa, umodziumodzi, ndi zimene anapezako. Pamenepo nthabwala zinatha m'mawu awo. Anati mayi wina anamupeza atagona pa mphasa yonyowa ndi magazi kuyambira m'mawa. Anati iwo ndende saiopa, chifukwa kundende munthu sayenda mtunda wautali.

Ali pakati, belu linamveka panja. Sajeni ankabwerera, akuliza belu kuthamangitsa nkhuku. Azamba anakoka chingwe cha maiki mpaka pakhomo, natambasulira dzanja panja, chala chikadali pa kabatani.

"Mwalimva? Ndilo belu lane. Ekizibiti yafika kuchokera koyenda. Pano pali asambizgi, munthu wophunzira, anene m'Chizungu kuti mabwana amve bwino."

Maiki inafika pakamwa panga. Chigawo chonse chinali chete kudikira loya. Ndinatsegula pakamwa, ndipo liwu lokhalo limene linatuluka linali lakuti, "Ova."

Limenelo ndilo liwu lonse limene ndinapereka pa nkhondo ya ufulu wolankhula m'dziko lathu. Sajeni analowa akupuma mwa juu, koma sanalimbane ndi azamba. Anangowerama pansi pa tebulo n'kuzula waya ku batire. Kanyali kofiira kanazima. Azamba anaika maiki patebulo mwaulemu, nathokoza kuti yewo chomene, n'kutuluka akutsimphina. Podutsa pa njinga analiza belu kamodzi.

Wailesi inadwala milungu iwiri. Pachitseko panamatidwa pepala lonena kuti batire yafa, ndi kuti anthu wamba saloledwanso kukhudza maiki pa zifukwa za chitetezo cha dziko. Chiyambire nthawi imeneyo ndaona kuti chitetezo cha dziko chimayamba kudwala tsiku lomwe bwana wachititsidwa manyazi, ndipo mankhwala ake amakhala amodzimodzi, kuzula waya. Koma mawu anali atatuluka kale. Anthu ochokera ku Kambombo ankafika akuseka, madalaivala a malole a feteleza ankafunsa kuti mayi wa belu amakhala kuti. Kenako wailesi inachira yokha, ndipo meseji yoyamba kulowa inali yoti kukubwera insipekita kudzafufuza.

Kutatsala tsiku limodzi, sajeni anandipeza kumunda wa sukulu ndikuyang'anira ntchito yopalira chimanga. Anabwera wapansi. Anali wofatsa ngati m'busa wodzachezera wodwala.

"Ba ticha, ba madamu bali bwanji? Masiku yafika pafupi, ai?"

Ndinati ali bwino.

"Mimba yoyamba imavuta. Nkalamba ija na malezala yake siingakwanise vonse. Vikavuta, motoka ya chipatala imaitanidwa pa wailesi. Manje wailesi ija, imwe muziba, batire yake imamvela ine." Anathyola tsamba la chimanga, naliyang'ana. "Mailo, insipekita akafika, bazakufunsani. Bantu ba mumunzi ni babale ba nkalamba ija, sibazabamvela. Imwe ndimwe ba boma."

Atapita ndinaziika pa sikelo. Mbali iyi galimoto ya chipatala, ya matayala anayi, namwino ndi jakisoni. Mbali iyo nkhalamba ya bondo lotupa ndi njinga. Ndinadziuza kuti ndikuchitira mkazi wanga. Zinali zoona pang'ono, ndipo kachoonadi kameneko kanakwanira kufunditsa mantha anga onse. Mkazi wangayo sindinamufunse.

Insipekita anali munthu wowonda, wotopa ndi msewu, wooneka kuti akufunadi kumva. Njinga tinaipeza itatsamira khoma m'chipinda chachiwiri, itawazidwa phulusa kuti lioneke ngati fumbi, matayala ataphwetsedwa, kapepala katamangidwa pa chiwongolero. Ngakhale ulusi wa kangaude unali utapezeredwa malo. Kenako tinakhala panja, insipekita atatsegula kope lake. Kapokola atafunsidwa anati iye nthawi zambiri amakhala akuyang'anira mbendera. Anthu a m'midzi anayankha onse pamodzi, insipekita n'kukweza dzanja, nati akufuna mboni imodzi yosakhala mbale wa wodandaula, yodziwa kusaina dzina. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ambiri mwa iwo anandiona tsiku lija ndili pa keliyala ndi thumba la mpunga.

"Aphunzitsi, munamuonapo sajeni atakwera njinga iyi?"

"Sindinamuonepo, bwana."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ine nthawi zambiri ndimakhala m'kalasi, bwana."

Palibe anafuula. Ndikanakonda akanafuula. Mayi wina anangoti "hee" chapansipansi. Azamba anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ayang'anira mwana wongobadwa kuti aone ngati zonse zili m'malo, kenako anatsegula kabotolo kawo ka fodya. Ndinasaina. Insipekita analemba kuti umboni ndi wosakwanira ndipo njinga idikire pepala la kukhoti. Kuti pasadzakhalenso zokayikitsa, anaimanga ndi unyolo ku chitsulo cha pawindo, nakhoma loko, kiyi n'kupita nayo m'thumba lake.

Mkazi wanga anamva ine ndisanafike kunyumba. Anandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse, n'kukhala pa mphasa akusisita mimba.

"Ndamva kuti simuona bwino masiku ano," anatero. "Mukapite ku boma akakupimeni maso."

Ndinayamba kufotokoza za galimoto ya chipatala.

"Galimoto imeneyo munaionapo kuno nthawi ya mvula?"

Ndinati boma latsopano ndi losiyana ndi lakale. Anaseka mpaka anagwira m'chiuno, koma kuseka kwake sikunali kwabwino.

Pansi pa msikizi sindinawerengenso nyuzipepala mokweza. Dzina la loya linatha lokha. Ana a makalasi aakulu anandipatsa lina, ndipo ndinkalimva kumbuyo kwanga ndikamalemba pa bolodi, wina akunong'ona kuti ova, ena akubisa nkhope m'makope. Azamba anapitiriza kubwera kudzaona mkazi wanga, wapansi, ndipo ankandipatsa moni monga kale. Moni umenewo unkandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Matenda anayamba Lachitatu m'mawa, dzuwa likuwala bwino. Kwathu mvula inali itapuma masiku atatu, tinjira titauma, koma kumapiri inkagwabe. Pofika naini koloko akazi a aphunzitsi anzanga anandithamangitsa m'nyumba, mmodzi n'kundinong'oneza kuti mwana sakubwera bwino. Ndinathamangira kupolisi. Sajeni anasunga lonjezo lake, apo ndimupatse zake. Analumikiza batire, anaitana, ndipo achipatala anayankha momveka ngati ali m'chipinda chomwecho. Anati galimoto ilipo, mafuta alimo, dalaivala alipo, koma mtsinje wa pakati pa ife ndi iwo wadzaza mpaka m'mitengo, palibe chowoloka mwina mpaka sabata yamawa. "Itanani azamba akwanuko msanga. Ova."

Ndinayang'ana chitseko cha chipinda chachiwiri. Njinga ya ahedi inali itatsekerezedwa ku boma ndi mtsinje womwewo, pamodzi ndi mwini wake.

"Bwana, njinga."

"Ba ticha, kiyi inayenda na insipekita. Munaliko."

Kwa nthawi yoyamba chimudziwire, ankanena zoona. Tinayesa kumenya loko ndi mwala tonse awiri, koma linali loko la boma, chimodzi mwa zinthu zochepa za boma zimene zinkagwira ntchito yake. Matayala nawo anali akadali ophwa, pampu kulibe.

Ndinathamanga. Nsapato ndinazitaya kudambo. Azamba ndinawapeza m'munda wa mpunga, madzi akufika mu akakolo. Sanafunse zambiri. Anasamba m'manja, anatenga chikwama, tinanyamuka. Ulendo wa maola awiri unatitengera atatu ndi kanthu. Bondo linayamba kukana tisanafike pakati. Anathyola ndodo, kenako anatsamira paphewa langa, kenako m'malo ena ndinawabereka kumsana, chikwama chili m'khosi mwanga. Njira yonse ndinkadikira kuti anene. Liwu limodzi lokha la njinga, kuti ndipepese, mtima utsike. Anangondifunsa kuti matenda ayamba nthawi yanji, ndi kuti mkazi wanga wamwa chiyani kuyambira m'mawa.

Analowa m'nyumba dzuwa litapendeka. Ine ndinakhala pa chitsa kuseri kwa khitchini, ndikupemphera mapemphero opanda mutu. Zimene anachita m'katimo sindizidziwa, amuna sauzidwa. Ndinamva mawu awo akulamula, kenako bata lalitali loopsa, kenako kulira kwa khanda. Mkazi wanga anachira. Mwana anali wamkazi. Amayi aja anandiuza pambuyo pake kuti mwanayo anatsogoza miyendo, ndipo likanadutsa ola lina tikanaika awiri.

Ndinavina. Sindibisa, ndinavina pabwalo la sukulu wopanda nsapato, ndikuganiza kuti Mulungu wandikhululukira mosavuta.

Azamba sanathe kubwerera kwawo. Bondo linatupa ngati dzungu, sanathe ngakhale kuponda pansi, ndipo anagona pa mphasa m'chipinda chathu chochezera. M'mawa mwake kunafika bambo wina, thukuta lili thupi lonse, chipewa m'manja. Anali atapita kaye kumudzi kwa azamba, n'kuuzidwa kuti ali kusukulu. Kwawo kunali kupitirira apo, kumphepete kwa mtsinje, ndipo mkazi wake anali atayamba matenda dzulo lake. Azamba anayesa kuimirira kawiri, nagwa kawiri konse. Pa keliyala akanakhala bwinobwino, bamboyo akupalasa, monga zinkachitikira kale. Tinamanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangeti langa, amuna anayi tinawanyamula, ndipo tinafika madzulo. Mayiyo anapulumuka. Mwana, wamwamuna, anali atabadwa masana chingwe chili m'khosi, popanda wodziwa chochita, ndipo sanapume.

Mwana wotero samulira maliro. Amayi okhaokha anakamuika mwakachetechete, amunafe tinakhala pansi pa nkhokwe osayang'anana. Bambo uja anabwera kudzatithokoza mmodzimmodzi chifukwa chonyamula machira. Atafika pa ine anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati wamva kuti kwanga kwabadwa mwana, Mulungu amusunge. Pamsonkhano wa insipekita sanaliko. Kwawo kunali kutali, ndipo ngati nkhaniyo inafikako pambuyo pake, sanandionetsepo.

Mtsinje utaphwa ndinalemba kalata yosintha umboni wanga, masamba atatu, Chizungu chabwino kwambiri. Yankho silinabwere, pepala la kukhoti silinabwere, ndipo njinga inachita dzimbiri pa unyolo wake. Manyazi amenewo ndikadali nawo mpaka lero, ndipo sindinawapezere mankhwala.

Ndinakhala pasukulupo zaka zina zinayi. Bamboyo ankadutsa pamenepo popita kuchigayo, thumba lili pamutu, ndipo nthawi zonse ankaima pampanda kufunsa za mwana wanga. Ankafunsa ngati wayamba kukhala pansi, ngati wamera mano, ngati wayamba kukwawa, ngati watchula liwu loyamba. Sanaphonyepo ndi mwezi umodzi womwe, chifukwa ankawerengera pa wake. Ine ndinkamuyankha mwaulemu, ndipo sindinamuuze.